Rimu yapindika kapena yakalika: kuwongola, kuwotcherera, kupenta, kapena kungogula ina?

Galimoto zambiri zimene zikuyenda mu Mzuzu muno zinatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowa m'dziko muno pa Songwe, ndipo zochuluka mwa izo zinabwera ndi marimu a aluminiyamu. Marimu amenewa anawapangira misewu ya ku Japan. Kuno akulimbana ndi maenje a pa M1 amene amabisala m'madzi mvula ikagwa ku Chikangawa, mahampu osapenta, m'mphepete mwa phula modyekadyeka, komanso ngalande za simenti za m'tauni zimene zimakanda rimu munthu akamaimika galimoto pothinana. N'chifukwa chake si zachilendo kuona Sienta kapena Axio ikupopetsa tayala lomwelomwelo m'mawa uliwonse, mwini wake n'kumadandaula kuti anamugulitsa tayala lakutha, chonsecho vuto lili pa rimu.

Njira zothana ndi vutoli zilipo zingapo, ndipo aliyense amene mungamufunse adzayamikira imene iyeyo ali ndi zida zake. Wa hamala adzati timenye, wowotcherera adzati tiwotcherere, wogulitsa masipeya adzati itayeni mugule ina. Kwa ine chimene chiyenera kukusankhirani njira si mtengo ayi, koma malo amene rimu yavulala. Bala la pamlomo wa rimu ndi bala la pafupi ndi manati ndi nkhani ziwiri zosiyana kotheratu, ngakhale kukula kwake kukhale kofanana.

Ioneni kaye bwinobwino

Rimu yodzaza matope ndi fumbi la mabuleki siulula kanthu. Masulani tayala lonse pagalimoto, mulitsuke ndi madzi a sopo mbali zonse ziwiri, ndipo muyang'ane kwambiri mbali ya mkati. Kunja kuli masipoko amene amachirikiza mlomo wa rimu, pamene mkati mlomo uli paokha, ndiye dzenje likamenya, umene umagonja msanga ndi wamkatiwo. Anthu ambiri amazungulira galimoto, n'kuona kuti kunja kuli bwinobwino, n'kupitiriza ulendo ndi rimu yopindika.

Kuti mudziwe mmene yapindikira, kwezani galimoto pa jeke, muike njerwa pafupi ndi tayala, mugwirizize choko panjerwapo moti nsonga yake itsale pang'ono kukhudza mlomo wa rimu, kenako muzungulitse tayala ndi dzanja. Pamene choko chalemba ndi pamene chathawa ndi pomwe pali vuto. Yesani kawiri: koyamba choko chiyang'ane m'mphepete kuti muone ngati rimu ikudumpha, kachiwiri chiyang'ane pambali kuti muone ngati ikugwedezeka uku ndi uku. Kudumpha pamalo amodzi kawirikawiri ndi mlomo umene walowa mkati, ndipo kumawongoleka. Kugwedezeka uku ndi uku kwa rimu yonse kumatanthauza kuti pakati penipeni papotoka, ndipo pamenepo ngakhale makina abwino amavutika. Kusiyana kukamaposa milimita imodzi galimoto imayamba kukuuzani yokha: imanjenjemera pa liwiro la makilomita 80 mpaka 110 pa ola, pa chiwongolero ngati vuto lili kutsogolo, pa mpando ngati lili kumbuyo.

Tayala likamaphwa pang'onopang'ono, lipopeni n'kuthira madzi a sopo kuzungulira pamene tayala lakumana ndi rimu, pa vavu, komanso pa thupi la rimu mkati. Thovu lotuluka pa chitsulo chenicheni ndi mng'alu, ngakhale maso asauone. Thovu ling'onoling'ono lofalikira m'mlomo monse nthawi zambiri ndi kudyeka kwa aluminiyamu. Galimoto zochokera kumpoto kwa Japan, kumene amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu, zimabwera ndi vuto limeneli: pansi pa penti pamachita ufa woyera, ndipo tayala silimatiranso bwino. Limenelo ndi vuto lotchipa kuposa onse. Amachotsa tayala, kupala mlomowo mpaka uyere, kupaka mankhwala omatira mlomo wa tayala, kuika vavu yatsopano, basi.

Musaiwale tayala lenilenilo. Dzenje limene lapinda rimu kawirikawiri limadulanso ulusi wa m'mbali mwa tayala, ndipo pamatuluka chotupa. Chotupa chimenecho chilibe mankhwala. Mungakonze rimu mpaka kuwala, koma tayala lotupa m'mbali ndi loti lichoke.

Chifukwa chake aluminiyamu safuna hamala

Marimu ambiri a aluminiyamu ndi othira m'chikombole. Chitsulo chake nthawi zambiri chimakhala chimene akatswiri amachitcha A356, ndiye kuti aluminiyamu wosakaniza ndi silicon pafupifupi 7 peresenti ndi magnesium pang'ono. Akamaliza kuthira, amaiika rimu mu uvuni wa madigiri pafupifupi 540, n'kuiviika m'madzi, kenako n'kuiwambanso kwa maola angapo pa moto wochepa, wa madigiri 150 ndi chakuti. Kulimba kwa rimu kumachokera pa kuphika kumeneku. Amene anagwiritsapo ntchito mapoto othira aja amene amisiri amasungunula kuchokera ku aluminiyamu wakale akudziwa khalidwe lake: poto wotere akagwa pa simenti sapindika ngati chitini, amang'aluka. Rimu ndi yolimba kuposa poto kutalitali, koma mtundu wake ndi womwewo. Imalola kupindika kamodzi, pang'ono. Mukaibweza mokakamiza ili yozizira, imang'aluka, ndipo nthawi zina mng'aluwo umakhala woonda ngati tsitsi moti umadzaonekera patatha milungu.

Ndiye ena amati tiitenthe kaye. Apa ndi pamene pali ngozi yachiwiri. Chitsulo wamba chikatentha chimafiira, ndipo mmisiri amadziwa pomwe wafika poona mtundu. Aluminiyamu safiira. Amaoneka chimodzimodzi mpaka pafupi ndi madigiri 600, pamene amangofewa mwadzidzidzi n'kugwa. Asanafike n'komwe pamenepo, kutentha kopitirira madigiri 200 kwa nthawi yotalikirapo kumayamba kuchotsa kulimba kuja kwa ku fakitale, ndipo sikubwerera rimu ikazizira. Rimu yotenthedwa ndi gasi mongoyerekeza ndi maso imatha kutuluka yowongoka bwino, koma pamalo pamenepo yafewa, ndipo dzenje lotsatira, ngakhale laling'ono, lidzaipindanso pomwepo.

Choncho hamala yaikulu ndi lawi la gasi ndi zida za rimu yachitsulo, ngati ya Probox kapena ya minibasi. Pa rimu yotere amisiri a matayala a m'mbali mwa msewu amagwira ntchito yabwino, yachangu komanso yotchipa, ndipo palibe chifukwa chowanyozera. Pa aluminiyamu, njira imeneyi ndingaivomere pa chinthu chimodzi chokha: mwagwa m'dzenje kutali, mwina pakati pa Jenda ndi Mzuzu usiku, sipeya mulibe, ndipo mukungofuna kuti tayala ligwire mpweya mufike kunyumba. Zikatero aike thabwa pakati pa hamala ndi rimu, amenye pang'onopang'ono, ndipo rimuyo mawa lake muione ngati yodwala, osati yochira.

Kungoisiya n'kuchita balansi

Iyi ndi njira imene ambiri amatsata osadziwa kuti asankha. Galimoto ikunjenjemera, amapita ku makina a balansi, ndipo wa makina amamata timiyala tolemera mpaka makina alembe ziro. Balansi imakonza kulemera, siikonza ubulungu. Rimu yodumpha idzadumphabe, kungoti kunjenjemera kumachepako. Mukaona mzere wautali wa timiyala mbali imodzi, dziwani kuti akubisa kupindika.

Ngati kupindikako n'kochepa, tayala silikuphwa, mng'alu palibe, ndipo galimoto imangoyenda m'tauni, kuchoka ku Katoto kupita ku Luwinga n'kubwerera, mukhoza kuisamutsira kumbuyo n'kudikira mwezi uthe. Mtengo wake mudzaulipira mochedwa, pa tayala lodyeka mabangamabanga, ma shock ndi ma bearing.

Makina owongolera

Pa rimu imene yapindika mlomo popanda kung'aluka, iyi ndiyo njira yoyenera. Amachotsa tayala, n'kumanga rimu pa makina pogwiritsa ntchito bowo la pakati ndi mabowo a manati, ngati mmene imakhalira pagalimoto. Amaizungulitsa, kachipangizo kokhala ndi singano kakuonetsa pamene yalowa, kenako kajeke ka hydraulic kamakankha malowo pang'onopang'ono, mobwerezabwereza, osati kamodzin'kamodzi. Mmisiri wodziwa amafunditsa malowo pang'ono, koma amayeza kutenthako ndi chipangizo, sayerekeza ndi malovu.

Musamangokhulupirira chikwangwani cholembedwa kuti timawongola marimu. Lowani muone makinawo. Funso labwino ndi ili: "Amisiri, mukamaliza mundionetsa pa singano kuti yatsala kudumpha bwanji?" Amene ali ndi makina enieni sakwiya nalo funso limeneli, amakukokerani yekha pafupi kuti muone. Amene akuyankha kuti "Bwana, ingosiyani, mudzaipeza ili bwino" n'kutheka kuti kuseri kuli hamala. Mukapanda kukhutira ndi zimene mwaona m'magalaja a kuno, rimu yopanda tayala ya mainchesi 15 imalemera makilogalamu 7 mpaka 9 okha, ndipo imatumizika pa basi kupita ku Lilongwe. Kungoti muwonkhetse zonse, basi kupita ndi kubwera, kuchotsa ndi kubwezera tayala, balansi, komanso masiku amene galimoto ikhale pa sipeya, musanaone ngati zikupindulitsa poyerekeza ndi kugula rimu ina.

Pali malire. Rimu imene inawongoledwapo kale pamalo omwewo musaibwezenso. Imene yapindika mpaka kupanga ngodya yakuthwa, kapena yapotoka pa masipoko, isiyeni. Ndipo ikatuluka pa makina, asanaipente, ionedwe ngati sinang'aluke powongolapo. Pali mankhwala ofiira opopera amene amalowa m'mng'alu, n'kudzaonekera akapoperapo ena oyera. Kopanda amenewo, parafini ndi ufa wa choko zimathandiza: pakani parafini, pukutani, wazani choko, ndipo pamene pali mng'alu choko chimanyowa mzere.

Kuwotcherera

Apa ndi pamene anthu amatsutsana kwambiri, ndipo mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo. Makampani ambiri opanga galimoto salola kuti rimu ya aluminiyamu yong'aluka iwotchereredwe, amati isinthidwe. Chifukwa chake ndi chija tanena kale: kuwotcherera kumasungunula chitsulo, ndipo mbali zonse za mzerewo kulimba kwa ku fakitale kumachepa. Komabe marimu owotcherera akuyenda ambirimbiri m'dziko muno ndi kunja komwe, ndipo ena amatha zaka. Kusiyana kuli pa malo a mng'alu ndi pa mmisiri.

Mng'alu umodzi, waufupi, pa mlomo wamkati, wodutsa chopingasa kuchoka m'mphepete kulowa mkati, ndi umene ukhoza kuwotchereredwa. Ukadzalephera, kawirikawiri umangoyambanso kutaya mpweya, ndipo mumakhala ndi mpata woima. Mng'alu wa pa sipoko, wa pakati pamene rimu imakhala pa hub (chitsulo cha galimoto chimene rimu imamangidwapo), wa pa bowo la nati, kapena woyenda motsatira kuzungulira kwa rimu, umenewo ayi, ngakhale mmisiri alumbire. Malo amenewo ndi amene amasenza galimoto yonse pokhota ndi pogwira mabuleki. Akalephera samataya mpweya, amathyoka. Ganizirani zimenezi zikuchitika mukutsika makona a ku Chiweta kapena a msewu wa ku Nkhata Bay mutanyamula banja. Rimu yokhala ndi ming'alu iwiri kapena itatu nayo yatopa, ipumitseni.

Mmisirinso akhale woyenera. Owotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo, amene ali ponseponse ku Chibavi ndi ku Mchengautuwa, amagwiritsa ntchito makina a ndodo opangira chitsulo wamba, ndipo luso lawo pa chitsulo silikukanidwa. Rimu ya aluminiyamu imafuna makina a TIG a magetsi a AC, ndi botolo la gasi wa argon. Chifukwa chake n'chakuti pamwamba pa aluminiyamu pamakhala kakhungu kamene kamasungunuka pa madigiri oposa 2,000, pamene aluminiyamu weniweni amasungunuka pa 660. Magetsi a AC ndi amene amaswa kakhunguko, ndipo argon amatchinga mpweya kuti kasabwerere. Mukapanda kuona botolo la argon, nyamulani rimu yanu.

Ntchito yabwino imayamba ndi kuboola kabowo kumapeto kwa mng'alu kuti usapitirire. Kenako amaukumba mng'aluwo kukhala ngalande, kuchotsa penti ndi mafuta onse, kuwotcherera mbali zonse ziwiri ndi waya wa aluminiyamu wokhala ndi silicon, monga wa 4043, n'kusalaza pamene pamakhala tayala. Ntchito yoipa ndi kungounjika chitsulo pamwamba pa mng'alu mbali imodzi. Imagwira mpweya sabata zingapo, mng'alu ukupitirira pansi pake. Ndiponso rimu yong'aluka nthawi zambiri imakhala yopindikanso, ndiye ikufunika kuwongola komanso kuwotcherera, mitengo iwiri. Mukafika pamenepo mtengo wayandikira wa rimu ina, ndipo ine ndingasankhe inayo. Ngati mwawotcherera, ikhale kumbuyo kapena ikhale sipeya. Pa takisi yonyamula anthu tsiku lonse pakati pa Mzuzu ndi Ekwendeni, rimu yowotcherera isakhale kutsogolo.

Chubu

Wa matayala akatopa ndi rimu yotaya mpweya amati tiikemo chubu. Mpweya umagwiradi, koma mng'alu sunapite kulikonse, mwangouchotsera pakamwa poti uzikuchenjezerani. Mkati mwa tayala la tubeless muli mizere imene imakhula chubu, kutentha kumakwera pa ulendo wautali, ndipo chubu chikabooka mpweya umatha nthawi imodzi, osati pang'onopang'ono. N'zofikira nazo kunyumba basi. Chimodzimodzi ndi guluu wa zitsulo wosakaniza uja: pa mng'alu si mankhwala.

Ikangokalika: njira zinayi zokongoletsera

Rimu yokandika ndi ngalande kapena mwala, koma yowongoka, ndi nkhani ya maonekedwe, ndipo pano mukhoza kusunga ndalama popanda kuika moyo pachiswe. Lamulo n'limodzi: penti ibwere pomalizira. Penti imabisa ming'alu, ndipo kuwongola kumaswa penti, ndiye amene wapenta kaye walipira kawiri.

Kuchita nokha n'kotheka, ndipo pa zokala za m'mlomo zotsatira zake zimakhala zabwino ndithu. Tsukani, chotsani mafuta, palani malo okalikawo ndi sandipepa wa 180 kapena 240 mpaka zisongole zithe. Pamene pakumbika dzazani ndi filler yopyapyala, ikauma musalaze ndi 400, kenako 600 wonyowetsa. Pa aluminiyamu wosapenta pamafunika etch primer, chifukwa primer wamba sagwira bwino ndipo penti imadzasupuka ngakhale ikhale yodula. Kenako penti ya siliva, mopyapyala katatu m'malo mothira kamodzi mochuluka, n'kumalizira ndi clear, penti yopanda mtundu yoteteza pamwamba. Makadi osewerera juga olowetsa pakati pa tayala ndi mlomo wa rimu amatchinga tayala bwino kuposa nyuzipepa. Vuto la siliva ndi loti alipo wamitundumitundu, ndipo wa m'chitini safanana kwenikweni ndi wa ku fakitale. Mukapenta kachigamba kamodzi kamaonekera. Ndi bwino kupenta nkhope yonse ya rimu, ndipo ngati muli wokonda zooneka bwino, marimu awiri a mbali imodzi.

Nyengo ya Mzuzu ili ndi gawo lake pa ntchito imeneyi. M'mawa wa chifunga, kapena masiku a mvula ya mawawa ndi kuzizira kwa mu June ndi July, chinyezi chimalowa mu clear asanaume ndipo amatuluka wotuwa ngati wapaka mkaka. Pentani masana dzuwa litatentha, rimu itafunda, pamalo opanda fumbi. Miyezi ya September ndi October ndiyo yabwino, kungoti pamenepo mdani amakhala fumbi.

Njira yachiwiri ndi kuipereka kwa opopera penti m'magalaja. Iwo amagwiritsa ntchito penti ya 2K, yosakaniza ndi hardener, imene imalimba kuposa ya m'chitini ndipo imapirira fumbi la mabuleki, petulo ndi sopo wa otsuka galimoto. Kwa anthu ambiri iyi ndiyo ndingawalangize: mtengo wake ndi wapakati, amisiri ake alipo, ndipo ikadzakalikanso imakonzeka mosavuta. Chofunika n'kuwauza kuti achotse matayala. Ambiri amapopera tayala lili pomwepo, penti n'kuthera m'mphepete mwa mlomo, ndipo madzi amalowera pamenepo n'kuyamba kuisupula. Muwauzenso kuti asapente kumbuyo pamene rimu imakhudzana ndi hub, ndiponso m'mabowo mmene mumakhala manati. Penti ya pamenepo imaphwanyika galimoto ikamayenda, ndipo manati amene anamangidwa bwino amamasuka okha. Nthunzi ya 2K ndi yoipa m'mapapo, ndiye imeneyi si yoti muziyesa kuseri kwa nyumba ndi kansalu kumphuno.

Yachitatu ndi powder coating. Amachotsa penti yonse, kuwaza ufa wa penti umene umamatira ndi mphamvu ya magetsi, n'kuotcha rimu mu uvuni wa madigiri 180 mpaka 200 kwa mphindi 10 mpaka 20. Imatuluka yolimba, yokuta paliponse, mkati ndi kunja. Koma taonani kuti kutentha kumeneku kwayandikira kuja kumene aluminiyamu amayamba kufooka. Uvuni woyezedwa bwino, kwa mphindi zochepazo, suvuta. Uvuni wa mageti umene sadziwa n'komwe kuti wafika pati, kapena wowotcha penti yakale ndi moto kuti ichoke, ndi woti muupewe. Filler wamba sapirira uvuni, ndiye rimu yokumbika kwambiri imafuna kukonza kwina isanalowe. Komanso mwala ukadzaigamula, kachigamba kake sikabisika.

Yachinayi ikukhudza marimu a nkhope yonyezimira, amene mukawayang'anitsitsa ali ndi timizere tozungulira, monga a galimoto zambiri zatsopanoko. Amenewa ndi a diamond cut: nkhope yake inasemedwa pa makina a lathe oyendetsedwa ndi kompyuta, n'kupakidwa clear pa chitsulo chenicheni. Clear akabooka madzi amalowa pansi n'kupanga timizere toyera toyenda ngati mizu. Kuwabwezera mwakale kumafuna makina omwewo, ndipo kusema kulikonse kumadya chitsulo, moti zimatheka kamodzi kapena kawiri basi. Sandipepa ndi polishi zimawalitsa, koma siziwabwezera timizere tija, ndipo aluminiyamu wosakutidwa amachita mbuu mvula ikangoyamba. Kuno n'kwanzeru kungowapenta onse anayi mtundu umodzi n'kuiwalako.

Chenjezo limodzi pa zotsukira: soda wa caustic amadya aluminiyamu. Ena amachotsera penti kapena mafuta, ndipo rimu imatuluka yakuda ndi yokumbikakumbika. Asidi wa batire nayenso asayandikire.

Kugula ina

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera, marimu omwe, ndipo n'chifukwa chake anthu akukakamira kukonza zimene kale akanataya. Komabe pa rimu yong'aluka pa sipoko, yopotoka pakati, kapena yokonzedwa kale, kugula ndi njira yokhayo. Funso limatsala n'loti mugule yotani.

Rimu yakale ya ku fakitale, yochokera pa galimoto yophwasulidwa, ndiyo ndimaiika patsogolo. Kumbuyo kwa masipoko kumakhala zilembo: kukula kwake, monga 15x5.5J, offset yake (nambala yosonyeza mmene rimu imalowera mkati kapena kutulukira kunja kwa galimoto), monga ET45 kapena 45 yokha, ndi chizindikiro cha JWL, chosonyeza kuti inapangidwa motsatira muyezo wa ku Japan wa marimu a aluminiyamu. Pa marimu a makampani ena mumapezekanso chizindikiro china cha muyezo, VIA. Musagule isanazungulitsidwe pa makina a balansi inu mukuona, ndipo yendetsani chala mkati monse kufufuza mzere wowotcherera. Rimu yakale imene yapentedwa kumene mkati ndi kunja, ifunseni chimene ikubisa.

Marimu atsopano otchipa, otengera maonekedwe a mayina otchuka, amakopa maso, ndipo zizindikiro zija ena amangozidinda mwachinyengo. Alipo abwino, koma pogula simungawasiyanitse ndi amene amathyoka m'malo mopindika. Pa misewu yathuyi ndingakonde rimu ya Toyota ya zaka khumi yokalikakalika kuposa yonyezimira yopanda dzina.

Mulimonsemo, iyenera kukwana. Vitz, Passo, Axio, Demio, Note, Fit ndi Sienta yakale ija zili ndi 4x100, ndiye kuti mabowo a manati anayi oyalidwa pa bwalo la mamilimita 100 m'mimba mwake. Premio, Allion, Prius zambiri ndi Sienta yotsatira zili ndi 5x100. Mark X ili ndi 5x114.3. Marimu a 5x100 ndi 5x114.3 pamaso amafanana koma salowana, ndipo wina akati tikuza mabowo ndi felo, mukanireni. Ngakhale mabowo a manati agwirizane, bowo la pakati limasiyana: pa galimoto zing'onozing'ono za 4x100, Toyota ndi Mazda ndi mamilimita 54.1, Honda 56.1, Nissan Note 60.1. Ndiye rimu ya Vitz siilowa pa Fit, pamene ya Fit imalowa pa Vitz koma momasuka, ndipo popanda mphete yodzazira mpatawo galimoto imatha kunjenjemera ngakhale rimu ili yowongoka.

Rimu yachitsulo anthu amainyoza, koma kwa amene galimoto ndi khasu lake ndiyo yanzeru. Ndi yolemerako komanso yosakongola, inde. Koma ikapindika ku Rumphi kapena ku Chintheche, wa matayala aliyense amaiwongola ndi hamala mphindi zochepa n'kupitiriza ulendo. Amene amanyamula anthu ndi katundu, kapena amalowa misewu ya fumbi ya kumidzi sabata iliyonse, angachite bwino kugulitsa marimu a aluminiyamu akadali abwino n'kuika achitsulo, n'kuvekapo zivundikiro ngati manyazi awagwira.

Ndipo ngati mukupinda marimu mobwerezabwereza, yang'anani kukula kwake. Tayala la 175/70R14, limene limabwera pa Sienta yakale, lili ndi m'mbali motalika mamilimita 122. La 205/40R17, limene achinyamata amakonda kuika pa galimoto zomwezo, kutalika kwake konse n'kofanana pafupifupi ndi loyambalo, koma m'mbali mwake ndi mamilimita 82 okha. Mamilimita 40 amenewo ndi amene amaima pakati pa dzenje ndi rimu yanu. Kutsika kuchoka pa 17 kubwerera pa 15 kapena 14 kumathetsa vutoli kuposa mmisiri aliyense, bola rimu yaing'onoyo isakhule mabuleki, choncho iyeseni kutsogolo musanalipire. Mpweya nawonso uzikhala wokwana monga walembedwera pa chitseko cha dalaivala. Tayala lofewa limapanikizika mpaka mlomo wa rimu kugunda m'mphepete mwa dzenje.

Posintha marimu, manati asamangotengedwa akale aja. Marimu a aluminiyamu a ku fakitale a Toyota amafuna nati ya mpando wafulati yokhala ndi washa, a Honda amafuna ya mpando wobulungira, pamene marimu ambiri ogula padera ndi achitsulo a Toyota amafuna ya mpando wosongoka. Nati yolakwika imagwira ndi kansonga kokha, imadya bowo, n'kumasuka. Mazinga akenso amasiyana: Toyota, Honda ndi Mazda ndi M12x1.5, pamene Nissan ndi Subaru ndi M12x1.25. Pomanga, galimoto zing'onozing'ono za Toyota zimafuna 103 Nm, zimene ndi mphamvu ya mkono pa sipana wamba, osati mnyamata kudumpha pa paipi. Mangani modumphitsa, nati iyi kenako ya kutsidya kwake, ndipo mukayenda makilomita 50 mpaka 100 mutaika rimu yokonzedwa kapena yopentedwa, imani muwayesenso onse.